Jurassic Park m'manja mwa achinyamata: mafunso ndi mayankho

Makolo ndi aphunzitsi akhala akutifunsa za buku la Jurassic Park chiyambire pomwe linayamba kuzungulira m'gulu lathu la achinyamata owerenga. Bukulo ndi limodzi, chikuto chake chinathothoka kale, koma silikhalitsa pa shelefu: uyu akamamaliza, wina amakhala atalembetsa kale dzina. Mafunso omwe amabwerabwera ndawasonkhanitsa pano. Mayankho ambiri ndi zomwe anyamata ndi atsikanawo, a Fomu 1 mpaka Fomu 4, amanena okha tikakhala pansi kukambirana. Pena ndaikapo maganizo anga, ndipo ndanena poyera kuti ndi anga. Amene simunaliwerenge dziwiranitu kuti pano ndaulula omwe akufa ndi mmene akufera.

Buku lake ndi lotani, ndipo analemba ndani?

Analemba ndi Michael Crichton wa ku America, yemwe anabadwa mu 1942 n'kumwalira mu 2008. Anaphunzira za udokotala ku Harvard koma anasankha kulemba mabuku. Jurassic Park linatuluka mu 1990 ndipo lili ndi masamba pafupifupi 400.

Nkhani yake ikuchitikira pa chilumba chongopeka cha Isla Nublar, kufupi ndi dziko la Costa Rica. Ndi chilumba cha nkhalango yowirira, chifunga ndi mvula. Nkhalamba ina yolemera, John Hammond, mwini kampani ya InGen, yapeza njira youkitsira ma dinosaur, zilombo zomwe zinatha kalekale, pogwiritsa ntchito magazi omwe anatsalira m'mimba mwa tizilombo toluma takalekale, tomwe tinakodwa mu utomoni wa mitengo n'kuuma ngati mwala. Akufuna kutsegula malo oti anthu azilipira kudzaona zilombozo. Asanatsegule, akuitana akatswiri kuti adzavomereze kuti malowo ndi otetezeka, ndipo akuitananso zidzukulu zake ziwiri. Usiku wa mvula yamkuntho magetsi a m'mipanda akuzima.

Mwana wanga anaonera filimu yake ndipo sanaope. Kodi buku si chimodzimodzi?

Ayi, ndipo ili ndi funso lomwe ndimafuna kholo lililonse lifunse. Filimu ya 1993, yomwe anatsogolera Steven Spielberg, inapangidwa kuti banja lionere pamodzi. Ku America inaikidwa m'gulu la PG-13, lochenjeza makolo kuti zina sizingayenere ana osakwana zaka 13. Munthu akamagwidwa ndi chilombo, kamera imathawira kwina, kapena timangoona galimoto ikugwedezeka. Buku silithawira kwina. Limakhala pomwepo n'kukuuzani zomwe wogwidwayo akumva m'thupi mwake.

Anthu akenso ndi osiyana. Hammond wa m'filimu ndi gogo wansangala yemwe pamapeto akuzindikira kulakwa kwake n'kupulumuka. Wa m'buku ndi wouma mtima, wokonda ndalama, ndipo satuluka pachilumbacho. Loya Donald Gennaro, yemwe m'filimu akudyedwa atabisala m'chimbudzi, m'buku akupulumuka. Mlenje Robert Muldoon nayenso akupulumuka. Achinyamata omwe amabwera akuganiza kuti nkhaniyo akuidziwa kale ndiwo amadzidzimuka kwambiri, chifukwa sangadziwe amene afe patsamba lotsatira.

Tiuzeni mosabisa: magazi ake ndi ochuluka bwanji?

Sali patsamba lililonse. Mutha kuwerenga masamba ambiri a zokambirana za sayansi ndi makompyuta popanda dontho. Koma pomwe alipo, wolembayo sabisa kanthu, ndipo amalemba ngati dokotala yemwe akuyang'ana bala.

Nkhani ikungoyamba, helikopita ikutera pakachipatala ka m'mudzi wa asodzi ndi mnyamata wong'ambika thupi. Omwe amubweretsa akunama kuti wavulala ndi makina okumbira, koma dokotala akuona kuti mabalawo ndi a nyama. Mnyamatayo akusanza magazi n'kumwalira. Patsogolo pang'ono mzamba akulowa m'chipinda usiku n'kupeza tizilombo titatu tonga abuluzi tili pakabedi ka khanda, tikulidya kumaso. Dennis Nedry, katswiri wa makompyuta yemwe anazimitsa magetsi, akulavuliridwa malovu aululu m'maso ndi Dilophosaurus, akuchita khungu, kenako akuzindikira kuti zomwe wagwira m'manja ndi matumbo ake omwe. Dr. Henry Wu, wasayansi yemwe anapanga zilombozo, akung'ambidwa pamimba ndi Velociraptor n'kuyamba kudyedwa akadali moyo. Hammond, atathyoka kakolo m'chigwa, akudyedwa pang'onopang'ono ndi tizilombo tating'ono tija, ululu wa m'malovu mwake ukumugoneka tulo.

Ndalemba zonsezi dala. Ndi bwino kholo lizimvere pano kusiyana n'kuzimvera kwa mwana yemwe wadzuka pakati pa usiku akulira.

Nanga achinyamatawo amati chiyani za malo amenewa?

Sagwirizana, ndipo n'chifukwa chake zokambirana zathu zimatalika.

Alipo omwe amabwerera magaziwo basi. Ambiri ndi anyamata a Fomu 1 ndi Fomu 2, omwe mnzawo anawanong'oneza kuti muli malo ena oopsa. Amapinda kona ya tsamba la imfa ya Nedry, amawerengerana mokweza, wina n'kumagwira pamimba, onse n'kuseka. Tsamba limenelo m'buku lathu ndi lakuda ndi zala kuposa ena onse. Ine sindiwadzudzula. Kuseka kumeneko ndi njira yawo yopirira mantha ali pagulu, ndipo ndaona kuti yemwe amaseka kwambiri ndiye amabwera mawa lake kudzafunsa mwakachetechete ngati munthu angakhaledi moyo matumbo ali panja.

Alipo ena omwe amati malowo amawanyansa koma ndi oyenera kukhalapo. Mtsikana wina wa Fomu 4 anatifotokozera kuti filimu inamupangitsa kusirira zilombozo, mpaka kulakalaka atakafika pachilumbacho, koma buku linamukumbutsa kuti nyama yolusa ikagwira munthu si masewera. Kwawo ndi kufupi ndi mtsinje wa Shire, ndipo anakula akumva za anthu ogwidwa ndi ng'ona akuchapa kapena akuwedza. Kwa iye buku ndi lomwe linanena zoona.

Gulu lachitatu limadumpha. Likangoona kuti chilombo chayandikira, limatembenuza masamba awiri n'kupitiriza. Ndimawauza kuti palibe cholakwa, ndipo pokambirana amatsatira nkhani bwinobwino ngati anzawo.

Pali malo amodzi okha pomwe pafupifupi onse amagwirizana, ndipo ndi pa khanda lija. Pamenepo palibe amaseka. Ambiri ali ndi ang'ono awo kunyumba, ena ndi omwe amabereka mwana kumbuyo mayi akapita kumsika. Amati Nedry anaziputa dala, Wu ndiye anapanga zilombozo, koma khandalo linalakwa chiyani? Chimawapwetekanso ndi chakuti mzambayo, poopa kudzudzulidwa kuti analekerera mwana, akulemba kuti khandalo langofa mwadzidzidzi kutulo, ndipo nkhani yake ikuthera pomwepo. Palibe wa ku InGen yemwe akumva n'komwe. Alipo omwe anabweza bukulo atafika pamenepa, ndipo sindinawakakamize kulitenganso.

Ndiye kuti malo amagaziwo ndiwo amawaopsa kwambiri?

Ine ndinkaganiza kuti imfa ya Nedry ndi yomwe izitchulidwa. Imatchulidwa ngati yonyansa, koma tikafunsa pomwe mtima unagunda kwambiri, mayankho amapita kwina.

Ambiri amatchula malo opanda magazi konse. Akuluakulu a pachilumbacho akudzitama kuti kompyuta yawo imawerenga zilombo zonse nthawi ndi nthawi, ndipo nthawi zonse zimakwana 238. Katswiri wa masamu Ian Malcolm akuwapempha kuti auze kompyutayo ifufuze zoposa pamenepo. Nambala ikuyamba kukwera mpaka kufika 292. Ma Velociraptor omwe ankati alipo 8 akupezeka kuti alipo 37. Kompyutayo inkasiya kuwerenga ikafika pa nambala yomwe anaiuza, chifukwa eni ake ankangoopa kuti zilombo zingasowe, sanaganizepo zoti zingachuluke. Zonse anazipanga zazikazi kuti zisaswane, koma pokwaniritsa mbali zosowa za DNA, malangizo achibadwa omwe amaumba chamoyo, anagwiritsa ntchito ya achule, ndipo achule ena amatha kusintha kuchoka ku chachikazi kukhala chachimuna. Mnyamata wina anati apa tsitsi linamuimirira, chifukwa zilombozo zinali kunja kwa mpanda kalekale anthu akudya ndi kugona mosatekeseka.

Malo ena ndi pomwe Ed Regis, wantchito wa kampani yemwe anapatsidwa udindo woyang'anira zidzukulu za Hammond zija, akuona Tyrannosaurus pampanda wopanda magetsi, akutsegula chitseko cha galimoto n'kuthawa, kusiya ana awiri okha mumdima, chitseko chili pululu. Apa achinyamata amakwiya zenizeni. Chilombo sachiimba mlandu, chifukwa chili ndi njala. Amene amamuimba mlandu ndi munthu wamkulu wothawa ana. Regis akuphedwa patsogolo pake ndi Tyrannosaurus wamng'ono, ndipo ndi ochepa omwe amamumvera chisoni, ngakhale mmodzi anatifunsa tonse kuti ndani mwa ife angalumbire kuti iye sakanathawa. M'chipindamo munakhala chete kwa kanthawi.

Ana awiri a m'nkhaniyo amawakonda?

Tim amamukonda. Ali ndi zaka 11, amadziwa mayina a ma dinosaur kuposa akuluakulu ambiri, ndipo bambo ake samumvetsa chifukwa sakonda masewera. Ndiye akukokera Velociraptor m'chipinda chozizira chosungiramo nyama poika nthuli pansi motsatana, n'kumutsekera momwemo. Ndiyenso akukhala pakompyuta n'kubwezeretsa magetsi. Owerenga athu omwe amanyozedwa kuti amangokhalira mabuku amadziona mwa iye.

Lex, mlongo wake wamng'ono, ndi nkhani ina. Amadandaula za njala, amanyoza mchimwene wake, ndipo pomwe akuthawa pabwato mwakachetechete, iye akutsokomola n'kudzutsa Tyrannosaurus yemwe anali m'tulo. Anyamata ambiri amati amawatopetsa. Atsikana amagawanika. Ena amati wolembayo anakondera: nzeru zonse anapatsa mnyamata, kulira konse n'kupatsa mtsikana, ndipo amayamikira filimu chifukwa inamukulitsa Lex n'kumupatsa luso la kompyuta. Ena amamuikira kumbuyo. Amati ndi kamwana kosakwana zaka 10, makolo ake akusudzulana, kagwetsedwa m'matope ndi chilombo usiku, ndiye mukufuna kachite bwanji? Ine ndili kumbali ya omuikira kumbuyo, koma dandaulo la oyambawo ndi loona. Ngakhale Ellie Sattler, mmodzi wa akatswiri oitanidwa aja, yemwe ndi wolimba mtima ndipo akudzipereka kukopa ma Velociraptor kuti anzake apeze mpata, sapatsidwa malo okwanira.

Crichton mwini ananenapo kuti poyamba analemba nkhaniyi kudzera m'maso a mwana, koma omwe anawapatsa kuti awerenge sanaikonde, ndiye anailembanso ngati nkhani ya akuluakulu. Achinyamata akamva zimenezi ena amadandaula kuti akanakonda kuwerenga yoyambayo.

Pa zonse zomwe zinachitika, iwo amati wolakwa ndani?

Uwu ndiye mtsutso womwe sutha, ndipo ndi chifukwa chachikulu chomwe ndimalisungira bukuli m'gulu lathu.

Oyamba kuyankha amati Nedry. Analandira ziphuphu kuchokera kwa Lewis Dodgson wa kampani yopikisana nayo ya Biosyn, analonjezedwa madola 1.5 miliyoni kuti abe mbewu za zilombozo, ndipo anazimitsa chitetezo kuti adutse nazo kudoko. Popanda iye, amatero, palibe akanafa usiku umenewo.

Kenako wina amatsegula tsamba lomwe likufotokoza chifukwa chomwe Nedry anakwiyira: kampani inamuonjezera ntchito yambiri osamulipira, n'kumuopseza kuti imuipitsira mbiri kwa makasitomala ake ena. Ana omwe makolo awo anagwirapo ntchito osalandira malipiro amamvetsa msanga. Sanena kuti anachita bwino, koma amafunsa kuti malo oopsa chonchi angadalire bwanji munthu mmodzi, ndiponso munthu yemwe mwamulakwira.

Apa mlandu umasamukira kwa Hammond. Muldoon anamuuza kuti ma Velociraptor ndi ochenjera mopitirira ndipo ayenera kuphedwa, iye anakana chifukwa ndi okwera mtengo. Wu anamupempha kuti apange zilombo zofatsirako, anakana. Malcolm anamuchenjeza zisanachitike. Antchito anali atafa kale pomanga malowo. Ndipo zidzukulu zake anaziitana osati chifukwa cha chikondi chokha, koma kuti loya achite manyazi kutseka malo omwe ana akusangalala nawo. Chomwe chimawakwiyitsa kwambiri ndi maganizo ake omaliza: anthu afa, iye akuyenda yekha n'kumaloza chala Wu, injiniya wake John Arnold ndi ena onse kuti ndiwo amugwetsa, akukonza zokayambiranso kwina. Mtsikana wina anangoti ameneyu anamva nkhwangwa ili m'mutu, mnzake n'kumutsutsa kuti ngakhale nkhwangwayo sanaimve, anafa akudziona wolungama.

Ochepa, makamaka omwe amakonda Biology, amati Wu asathawe mlandu. Ankapanga zamoyo zomwe ngakhale mayina ake ena sankawakumbukira, osadzifunsa kuti zikakula zidzachita chiyani. Mmodzi mwa iwo, yemwe akufuna kudzakhala dokotala, anati buku limeneli linamuphunzitsa kuti bwana akakulamula chinthu choopsa, dzanja lomwe lachita ndi lako ndithu.

Mukaona, m'mtsutso wonsewu zilombo sizitchulidwanso. Anabwera kudzaona mano ndi zikhadabo, akutuluka akukangana za umbombo, malipiro ndi udindo.

Palibe chomwe amadana nacho?

Chilipo. Choyamba ndi Malcolm. Atavulazidwa ndi Tyrannosaurus amagona pabedi atabayidwa mankhwala opha ululu, n'kumalankhula masamba ndi masamba za sayansi ndi kudzikuza kwa anthu. A Fomu 1 amati amalalikira ndipo amamudumpha. A Fomu 4 ena amamukonda kuposa wina aliyense, ndipo amakopera m'makope mwawo zithunzi za mizere yopindikapindika zomwe zili kumayambiriro kwa zigawo 7 za bukuli.

Chachiwiri ndi chiyambi chochedwa. Pamadutsa masamba ambiri zilombo zisanatuluke m'mipanda.

Chachitatu anachiona ndi mnyamata wina wa Fomu 3, ndipo chinandikhudza. Anafunsa chifukwa chomwe anthu a ku Costa Rica, eni dera, amangooneka ngati antchito opanda mbiri omwe amafa kuti nkhani iyambe. Alendo ochokera ku America timadziwa maphunziro awo, mabanja awo, mantha awo. Mnyamata wa pa helikopita uja timangomuona akufa. Bukulo limanena lokha kuti kampaniyo inasankha dziko lakutali pothawa malamulo okhwima a kwawo. Iye anati zikanachitikira kuno, ifeyo ndi omwe tikanakhala antchito ofera kumpandawo. Anzake sanamutsutse.

Chingerezi chake mwana wa sekondale angachimve?

Malo othamangitsana ndi osavuta: ziganizo zazifupi, mawu wamba. Povuta ndi pa za DNA, masamu ndi makompyuta, komanso mayina ataliatali a zilombo. Timawauza kuti dzina likakanika kutchulika alidule okha, monga mmene anthu a m'bukumo amachitira, ndipo mawu ovuta asawaimire onse ndi dikishonale. Wa Fomu 2 wokonda kuwerenga amalimaliza.

Ndiye muvomereza kuyambira zaka zingati?

Awa ndi maganizo anga: kuyambira zaka 14. Wa zaka 12 kapena 13 yemwe anazolowera nkhani zoopsa atha kuwerenga, koma wamkulu akhale ataliona kaye. Wa ku pulayimale ayi, ngakhale Chingerezi chake chikhale chakuthwa bwanji. Kudziwa mawu ndi kwina, kukhala ndi mtima wonyamula zomwe mawuwo akunena ndi kwina.

Zaka si zonse. Mwana yemwe waferedwa posachedwa, yemwe anaonapo ngozi ya pamsewu, kapena yemwe kwawo kwabadwa khanda, ndimamupempha adikire. Ngati mulibe nthawi yowerenga buku lonse, werengani masamba 30 oyambirira. Mnyamata wa pa helikopita ndi khanda lija ali momwemo, ndipo mudzadziwa nokha ngati mwana wanu angapirire.

Mulinso mawu otukwana apo ndi apo, ndipo Muldoon amamwa mowa. Zachiwerewere mulibe.

Kodi mabuku otere sawononga khalidwe la mwana? Ena amati ndi zausatana.

Nkhawa imeneyi ndimaimva ndipo sindiipeputsa. Koma m'bukuli mulibe mizimu, ufiti kapena matsenga. Zilombo zake ndi nyama, zopangidwa ndi anthu m'chipinda cha sayansi, ndipo nkhani yonse ikudzudzula anthu omwe akudziyesa alengi. Achinyamata ena opemphera kwambiri m'gulu lathu ndiwo amalikonda pa chifukwa chimenechi.

Kuopseza ana ndi nkhani si chinthu chachilendo kwa ife. Tinakula ndi nthano za madzulo, agogo akuti padangotero, ife tikuyankha kuti tili tonse, n'kumamva za zilombo zomeza mudzi wathunthu ndi afisi odzisandutsa akamwini. Kusiyana kwake n'kwakuti nthano tinkamvera pagulu, wamkulu ali pomwepo, pomwe buku mwana amawerenga yekha ndi tochi atafunda. Chomwe ndimapempha makolo ndi kubwezeretsa gululo: mufunseni wafika pati, ndani wafa, iye akuona kuti wolakwa ndani. Mwa omwe ndawerenga nawo, sindinaonepo yemwe wasanduka wankhanza chifukwa cha bukuli. Omwe anasowa tulo ndiye ndawaona.

Makolo ena chimawavuta ndi nkhani ya zaka mamiliyoni, chifukwa cha chikhulupiriro chawo pa za chilengedwe. Imeneyo ndi nkhani yoti banja likambirane lokha, koma mwana akumana nayo ndithu m'kalasi, awerenge bukuli kapena ayi.

Wayamba kulota zoopsa. Nditani?

Musamuseke, ndipo abale ake asamuseke. Asiye kuwerenga usiku. Masana zinthu zomwezo zimachepa mphamvu. Mufunseni malo enieni omwe akumubwerera m'maganizo, alankhule mokweza. Ngati akufuna kudziwa mathero kuti mtima ukhale pansi, muuzeni: Tim ndi Lex akupulumuka, Ellie ndi katswiri mnzake Alan Grant akupulumuka, chilumbacho chikuphulitsidwa ndi mabomba. Akafuna kulisiya, alisiye. Ena amabwerera patapita chaka n'kulimaliza bwinobwino. Koma ngati kusowa tulo kwapitirira masabata angapo, mwina bukulo langotokosa chinthu china chomwe chinali kale mumtima, ndipo mpofunika kukhala naye pansi mofatsa kapena kuonana ndi achipatala.

Funso lomwe mwana aliyense amafunsa: zingachitikedi?

Mwa njira ya m'bukuyi, ayi. DNA imaphwanyika ndi nthawi. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2012, wopima mafupa a mbalame za moa za ku New Zealand, anapeza kuti theka la zolumikizira zake limakhala litaduka pakatha zaka pafupifupi 521. Ma dinosaur akuluakulu anatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Palibe chotsala choti munthu angawerenge.

Wolembayo anakometseranso zina. Palibe umboni woti Dilophosaurus ankalavula ululu. Velociraptor weniweni, yemwe mafupa ake anapezeka ku Mongolia, anali wamkulu ngati nkhukundembo ndipo anali ndi nthenga. Wa m'bukuyo ndi wofanana kwambiri ndi Deinonychus wa ku North America. Komanso mnyamata wina wokonda Geography anatiseketsa potikumbutsa kuti Costa Rica inathetsa gulu lake la asilikali mu 1948, ndiye ndege zoponya mabomba pamapeto paja zinachokera kuti? Ana amasangalala kwambiri akagwira wolemba wotchuka ndi cholakwa, ndipo ine ndimawalimbikitsa.

Akamva kuti mbalame ndi zidzukulu za ma dinosaur, ena amayamba kuiyang'ana mwachilendo nkhuku ya pakhomo ikamathamangitsa buluzi.

Kodi kuno kwathu kunali ma dinosaur?

Kunali, ndipo ambiri mwa owerenga athu amadabwa kuti sanauzidwepo. Mafupa ake anafukulidwa m'boma la Karonga. Wodziwika kwambiri ndi Malawisaurus, chinyama chodya zomera cha khosi lalitali, chomwe chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mafupa oyamba anafotokozedwa mu 1928, ndipo dzina lakuti Malawisaurus linaperekedwa mu 1993 ndi Louis Jacobs ndi anzake, chaka chomwe filimu ija inatuluka. Dzina lake lonse ndi Malawisaurus dixeyi, pokumbukira Frank Dixey, katswiri wa miyala yemwe ankagwira ntchito m'dziko muno nthawi ya atsamunda. Palinso Karongasaurus, yemwe anamufotokoza mu 2005 ndi Elizabeth Gomani, katswiri wa kuno kwathu. Atsikana omwe anakhumudwa ndi Lex ndimawauza dzina limeneli.

Chifanizo cha chigoba cha Malawisaurus chinaimikidwa ku Cultural and Museum Centre Karonga. Sukulu yomwe ingathe kukonza ulendo, ikonze. Mwana yemwe wawerenga bukuli akaima pansi pa khosi limenelo sasowa mafunso.

Akamaliza, pali lina lotsatira?

Lilipo, The Lost World, lomwe linatuluka mu 1995. Achinyamata amayamba ndi kukwiya, chifukwa Malcolm, yemwe buku loyamba linatisiya tikudziwa kuti wafa, akupezeka ali moyo. Magazi alimo chimodzimodzi, ndiye zomwe ndanena za zaka zikugwiranso ntchito. Ambiri amati silifika pa loyamba, koma atsikana amakondwera ndi Sarah Harding ndi kamtsikana kotchedwa Kelly, omwe akupatsidwa nzeru ndi mphamvu zomwe Lex anamanidwa.

Tingalipeze kuti?

Yambani mwafunsa ku laibulale ya sukulu kapena ku nthambi ya National Library Service yomwe muli nayo pafupi. Ogulitsa mabuku akale m'misika ndi m'mbali mwa misewu ya m'tauni nthawi zina amakhala nalo, chifukwa linasindikizidwa lambiri. Pogula onetsetsani dzina la Michael Crichton pachikuto ndi kukula kwa bukulo, popeza palinso timabuku tating'ono ta ana tolembedwa kuchokera ku filimu, tokhala ndi zithunzi. Timeneto ndi tabwino kwa wa ku pulayimale, koma si buku lomwe takambirana pano. Ndipo onani ngati masamba omaliza alipo musanapereke ndalama.